Kanema wa pa Chigafa cha Bambo Anga

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene anthu ojambula kanema anandilanda sukulu. Sanandimenye, sanandikoke m'kalasi, ndipo ndikukhulupirira kuti mpaka lero amagona tulo tabwino podziona ngati anthu othandiza ana. Koma amene anandilanda sukulu ndi iwowo. Ndikulemba izi chifukwa ndatopa kumva anthu akuyamikira ntchito zawo ine ndili pomwepo, matope ali m'manja.

Tinkakhala pa esiteti ina ya fodya kuseri kwa Nsaru. Kwathu kwenikweni ndi ku Phalombe. Bambo anabwera kuno pa lole pamodzi ndi mabanja ena kudzagwira utenanti ine ndili wamng'ono, moti za kumudzi ndimangomva m'kamwa mwa mayi. Amene simunakhalepo pa esiteti ndikufotokozereni mwachidule. Tenanti amapatsidwa munda, mbewu, feteleza ndi phoso la chimanga, zonsezo pa ngongole. Amalima chaka chonse osagwira ndalama. Fodya akagulitsidwa, mwini esiteti amachotsa zake n'kupereka zotsala. Tenanti akachoka fodya asanagulitsidwe, wachoka chimanjamanja, ngakhale atalima bwanji.

Ana ambiri a pa esiteti pathu sukulu ankangoilawa. Fodya akafika pothyola, makalasi ankachepa anthu, ndipo ena sankabwereranso. Bambo anga okha ndi amene anakana zimenezo. Anali munthu wosayankhula zambiri, koma pa nkhani ya sukulu sankamva za munthu. Ankalawira kumunda anzawo asanadzuke kuti agwire ntchito yawo ndi yanga yomwe, ndipo matenanti anzawo ankawaseka n'kumawatchula kuti a Hedi. Ine ndinkathandiza ndikaweruka komanso Loweruka, monga mwana aliyense amathandizira pakhomo. Chaka chimenecho ndinali mu Sitandade 8, dzina langa litalembedwa kale pa mayeso, ndipo aphunzitsi anga ankanena poyera kuti ngati m'kalasimo mutuluke wopita kusekondale, ndine. Ndinalinso m'gulu la zisudzo. Ndinkasewera bambo woledzera, ndipo ndikadzandira pa bwalo ngakhale ahedi enieniwo ankagwira nthiti.

Linali Loweruka, mvula itangokata, nyengo yothyola fodya. Kapitawo wathu, a Gama, anali atapita ku maliro ku Nambuma. Bambo anali kumunda wa kudambo. Ine ndi mayi tinakhala pansi pa chigafa, chisakasa chimene timaumitsiramo fodya, tikusoka masamba ndi singano kuti tiwapachike pa mikangala. Fungo la fodya wamuwisi linali lothetsa njala, ndipo zala zathu zinali zitada ndi utomoni wake. Kenako tinaona galimoto loyera likubwera pang'onopang'ono kudzera njira ya kumbuyo, imene imadutsa ngolo zokha.

Ana onse a m'zigafa zoyandikana anathawira m'chimanga. Makolo awo anali atawaphunzitsa kuti galimoto lachilendo ndi la anthu ofufuza ana ogwira ntchito. Ine sindinathawe, poti bambo ankati tilibe chobisa.

Munatuluka anthu atatu. Mkulu wawo anali a Kamwendo, bambo wamfupi wovala chipewa cha nsalu, woseka msanga. Panali mnyamata wonyamula kamera, ndi mtsikana wina dzina lake Thoko, amene anagwada bwinobwino popereka moni kwa mayi, mpaka mayi anachita manyazi ndi manja awo akudawo. Anati ndi a kampani yojambula makanema ku Lilongwe, ndipo bungwe lina lawatuma kuti ajambule za ana a m'minda ya fodya. A Kamwendo anandifunsa ngati ndimapita kusukulu. Nditayankha monyada kuti ndili mu Sitandade 8, nkhope yawo inagwa ngati ndawauza za maliro.

Anapita pambali n'kumanong'onezana, koma ndinkamva. Anali atazungulira maesiteti kuyambira m'mawa, mwana aliyense akuthawa, mafuta akutha, ndipo bungwelo linkafuna kanema wake mwezi usanathe. A Kamwendo anabwerera akumwetulira.

"Mphwanga, sewero umalitha?"

Ndinati ndimalitha kwambiri.

"Ndiye tithandize. Lero usakhale iwe. Ukhale mmodzi wa anzako athawira m'chimangawa, uwayankhulire, poti iwo akuopa. Nkhope yako tidzaiphimba ndi chifunga. Ngakhale mayi akowa sadzakuzindikira."

Mayi anaseka n'kunena kuti mwana wawo angamudziwe ngakhale ataona chidendene chokha. Alendowo anasekanso, kuyesa nthabwala za amayi akumudzi.

Anandivula kabudula wa yunifomu amene ndinkavala ndi Loweruka lomwe, n'kundiveka chimalaya chong'ambika cha bambo chimene chinali pa denga la chigafa. Anandivula nkhwaila, nsapato zanga za matayala. Anti Thoko anatola masamba n'kundipaka utomoni m'mikono mpaka m'khosi. Kenako a Kamwendo anandipatsa mawu: ndimadzuka kusanache, kusukulu sindinapondeko, bambo amati fodya ndiye sukulu yanga. Ndinawauza kuti bambo anga sanganene zimenezo. Iwo anati si bambo ako, ndi bambo wa m'sewero.

Tinabwereza mpaka dzuwa linapendeka. Pena ndamwetulira, pena tambala walira, pena ndayankhula bwino kwambiri ngati mwana wa sukulu. Mnyamata wa kamera anagona chafufumimba m'fumbi n'kujambula manja anga ndikusoka, akuti manjawa ndi amene adzalize azungu. Pomaliza onse anawomba m'manja. Anandigulira chakumwa cha m'botolo ndi mabanzi, mayi anawapatsa sopo, ndipo anachoka kudzera njira yomwe ija. Musayembekezere kuti ndipepese. Ndinali mwana, anthu akuluakulu anandiuza kuti ndi sewero, ndipo ndinalisewera bwino.

Bambo atabwera, mayi anawafotokozera akuseka. Bambo sanaseke. Anangofunsa ngati alendowo anapempha chilolezo kwa kapitawo. Atamva kuti ayi, anayang'ana m'mene munadutsa matayala, n'kupita kukasamba.

Nkhaniyo tinaiiwala. Mvula inatha, fodya anauma, tinayamba kusankha masamba, ndipo ine ndinali pakalikiliki kuwerengera mayeso. Tsiku lina ndikulowa pa sukulu, anyamata amene amaonera wailesi ya kanema pa golosale ya pa Nsaru anandilandira ndi mawu onyozera, akutafuna lilime ngati ine: fodya ndiye sukulu yanga. Ndinaseka nawo. Ndinaona ngati ndatchuka.

Madzulo ake a Gama anaitanitsa matenanti onse pa mtengo wa pa ofesi. Anati bwana, mwini esiteti amene ankakhala m'tauni, waimbiridwa foni ndi kampani imene inkagula fodya wathu pa mgwirizano. Anthu a kampaniyo anazindikira esitetiyo poona phiri la kumbuyo ndi thanki yathu yamadzi yopendekera ija. Atatero a Gama anatulutsa foni yawo n'kuiyendetsa m'manja mwa anthu. Itafika pa ife ndinadziona. Nkhope inalidi chifunga chokhachokha, monga analonjezera. Koma chigafa chinali chathu, chomangidwa ndi linya la matayala m'mene ankamangira bambo okha. Ndipo kamera inakhala nthawi yaitali pa manja, singano ili kumanzere. Pa esiteti yonse mwana wamanzere ndinali ndekha.

Anthu a m'tauni amaganiza kuti munthu amadziwika ndi nkhope basi. Kwathu timadziwana ndi mayendedwe, kagwiridwe ka khasu, kamangidwe ka mtolo. Anaphimba chinthu chimodzi chokha chimene pa esiteti palibe amene ankachifuna.

A Gama sanali munthu woipa. Ankadziwa kuti ndimapita kusukulu, ndipo anandibwerekapo njinga yawo tsiku lolembetsa mayeso. Koma anati ogulawo anena kuti ngati banja logwiritsa mwana ntchito silichoka, sagula tsamba ndi limodzi lomwe la esiteti yonse. Bwana walamula kuti tichoke sabata isanathe, ndipo fodya wathu atsala kuti alipire phoso ndi feteleza. Ndinayang'ana matenanti anzathu, amene ana awo enieniwo anathawira m'chimanga tsiku lija. Onse anawerama. Mmodzi yekha anayankhula, kuti a Hedi achoke msanga asatiphetse tonse.

Tsiku limenelo ndinaona bambo anga atagwada pamaso pa mwamuna mnzawo. Sindinawaonepo atatero ngakhale kutchalitchi, poti bondo lawo linali lovuta. A Gama anawadzutsa mwamanyazi, ndipo anthu atabalalika anatiuza njira imodzi imene inatsala. Mlangizi wa kampani yogula ija ankayembekezeka kubwera kudzaona ngati lamulo latsatidwa. Eni kanemawo atabwera n'kunena pamaso pake kuti linali sewero, mwina zikanatheka. Bambo anatchula za aphunzitsi, kuti angachitire umboni. A Gama anapukusa mutu. Anati aphunzitsi anena zawo, koma anthu aona ndi maso, ndipo chimene chalowera m'maso sichituluka ndi mawu a munthu wina koma mwini wake.

Bambo sakanachoka, chifukwa zikanaoneka ngati athawa. Amene ankakumbukira dzina lolembedwa pa chitseko cha galimoto lija ndinali ine. Mayi anagulitsa nkhuku zawo ndi chitenje chimene ankasungira ulendo wa kumudzi, n'kundimangira ndalamazo m'kansalu. Ndinakwera kabaza mpaka pa Nsaru, kenako galimoto la matola, nditakhala pamwamba pa matumba a mtedza. Ku Lilongwe ndinali ndisanafikeko.

Mu depoti ndinafunsa anthu mpaka kukhosi kunauma. Ena ankandikankha, ena ankandiloza uku ndi uku kuti ndingowachoka. Amene anandithandiza ndi bambo wina wogulitsa madisiki a makwaya. Atamva dzinalo anatembenuza disiki imodzi n'kundionetsa kumbuyo kwake, pamene panalembedwa dzina lomwelo. Anati anthu amenewa amawadziwa kuyambira akuyenda wapansi, ndipo anandikweza minibasi ya ku Kawale atamuuza kondakitala ponditsitsa.

Ndinkayembekezera nyumba yosanja. Ndinapeza nyumba wamba ya mpanda wa njerwa, pabalaza atapasandutsa ofesi, chipinda chogona atachimata matireyi a mazira m'makoma kuti phokoso la kunja lisalowe pojambula mawu. Anti Thoko anandizindikira nthawi yomweyo. Anandikumbatira n'kuitana anzawo kuti bwerani mudzaone katswiri wathu uja. A Kamwendo anali atachoka, ndiye anti Thoko anandikhazika pa mpando n'kundipatsa tiyi wamkaka ndi buledi. Ndisanatsegule pakamwa, anayamba kundionetsa zithunzi zimene zinali pakhoma.

Mbiri ya kampaniyo ndinaimva tsiku limenelo. A Kamwendo anayamba okha ndi kamera yakale imene msuweni wawo anabwera nayo kuchokera ku Joni. Ankajambula maukwati, zinkhoswe ndi miyambo yovundukula ziliza, ndipo nthawi zina malipiro awo inali mbale ya mpunga. Kenako anayamba makwaya, kuwakweza pa miyala ndi kuwavinitsa pa kapinga wa eni ake mlonda asanawaone. Anadzapeza ntchito zotsatsa malonda a masukulu oyima paokha ndi mankhwala azitsamba. Maloto awo anali oti adzajambule filimu yaitali ya nkhani yawoyawo, ndipo anaiyamba kangapo n'kuisiyira panjira, mtsikana wosewera mbali yaikulu mpaka anakwatiwa n'kusamuka. Analandidwapo kompyuta chifukwa cha lendi. Kanema wa fodya uja ndiye inali ntchito yawo yoyamba ya bungwe lakunja, ndipo ndi imene inawalipirira ngongole ya mwini nyumba n'kuwagulira kamera yachiwiri.

"Iwe ndiwe unatitulutsa m'matope," anatero anti Thoko, akundisisita mutu.

Ndinaika kapu pansi n'kuwauza chimene ndinabwerera. Anatola kapuyo n'kulowa nayo kukhitchini, ndipo anakhalitsa kumeneko.

A Kamwendo atafika ndinagwada pa simenti, monga anachitira bambo. Ndinafotokoza zonse mwadongosolo, za thanki, za dzanja lamanzere, za mlangizi, za mayeso. Ndinati sitikufuna ndalama kapena kuti achotse kanemayo, koma angobwera adzanene kwa munthu mmodzi yekha kuti anandiveka chimalaya chija ndi iwo. Anandimvetsera mpaka kumapeto, chipewa chili m'manja. Kenako anandiuza modekha kuti zimene ndikupempha n'zazikulu kuposa m'mene ndikuganizira. Mlangiziyo akauza kampani yake, kampaniyo ikauza bungwe, bungwe likalanda ndalama zake, ndipo palibe amene adzawapatsenso ntchito. Analoza anthu amene anali m'nyumbamo n'kunena kuti onsewa ali ndi ana.

"Komanso, mphwanga, tinanama chiyani? Pa esiteti panu ana sagwira ntchito?"

"Amagwira, bwana. Koma bambo anga ndi amene akuthamangitsidwa."

Anatuluka panja n'kuimba foni, akuyenda uku ndi uku m'mbali mwa mpanda, akuyankhula Chingerezi chothamanga chimene sindinachitole. Atabwerera maso awo anali akuwala. Anati mawa tipitira limodzi ku Nsaru.

Sindinakhalepo wosangalala ngati m'mawa umenewo. Anandikhazika kutsogolo. Pa Mpingu anandigulira tchipisi, ine n'kusunga theka lake m'pepala kuti ndikapatse mlongo wanga wamng'ono amene anatsala kunyumba. Njira yonse ndinkawaphunzitsa a Kamwendo za a Gama, kuti ndi munthu wofuna ulemu, ayambe awapepesa polowa pa esiteti iwo kulibe. Ankangoti inde, inde, maso ali pa msewu. Kumbuyo kunali anti Thoko ndi mnyamata wa kamera uja, zikwama zakuda zili pamiyendo. Sindinadzifunse chifukwa chimene munthu wopita kukapepesa amanyamulira zikwama zotere.

Titafika ndinaona zinthu ziwiri nthawi imodzi. Kumanja, pa ofesi, panali njinga yamoto ya mlangizi, kusonyeza kuti anali m'katimo ndi a Gama. Kumanzere, patsogolo pa nyumba yathu, katundu yense anali kale panja: mphasa, mapoto, ndowa, mtolo wa zovala, mayi atakhala pa mtondo mwana ali kumsana. Mlangiziyo anali atafulumira, ndipo a Gama anafuna kuti apeze lamulo likutsatidwa. Galimoto linaima pakati, pamphambano ya njira ziwirizo.

Ndinadumpha n'kuloza ofesi. Ndinati tafika pa nthawi yake, munthu uja ndi ameneyo, tiyeni. A Kamwendo anatsika, anayang'ana ku ofesi, anayang'ana kumene kunali mayi. Kenako anatembenukira kwa mnyamata uja.

"Tsitsa kamera. Yamba ndi mayiwo."

Ndinaganiza kuti sindinamve bwino. Iwo anandigwira paphewa n'kundifotokozera mwachifundo, ngati m'mene amafotokozera adokotala. Anati a bungwe akondwa kwambiri ndi nkhaniyi, ndipo akufuna gawo lachiwiri, loonetsa m'mene eni maesiteti amalangira mabanja amene ayankhula. Anati izi zichititsa manyazi bwana wathu pamaso pa dziko lonse, ndipo zithandiza ana ambirimbiri kuposa kukanong'ona mu ofesi ya kapitawo.

Ndinawagwira mwendo wa thalauzi. Ndikunena zoona, ndinagwa m'fumbi n'kuwagwira mwendo ndi manja awiri, ndikulira ngati kamwana, anthu a pa esiteti yonse akuonerera ali m'zigafa mwawo. Ndinawapempha m'dzina la Mulungu, m'dzina la ana awo. Ndinawalonjeza kuti akangolowa mu ofesimo ndidzawagwirira ntchito ulele moyo wanga wonse, ndizidzanyamula zikwama zawo. Anti Thoko sanatsike m'galimoto. Anaphimba kumaso ndi mpango.

Bambo anatuluka m'nyumba atanyamula makasu. Anawaika pansi, anabwera pang'onopang'ono ndi bondo lawo lija, anavula chipewa n'kupereka moni kwa alendo mwaulemu wonse. Kenako anandiuza kuti, Lusiyano, dzuka. Ndinadzuka. A Kamwendo anayamba kuwafotokozera za gawo lachiwiri, n'kuwapempha kuti ulendo uno ayankhule nkhope ili poyera.

"Bwana," anatero bambo, "mwana wanga amapita kusukulu. Mawu anga ndi omwewo, ndilibe ena. Ngati mukuwafuna, tiyeni tikawajambulire mu ofesimo, inu mutaima pambali panga."

A Kamwendo anayang'ana kumwamba n'kunena kuti tiyambe kaye kuno dzuwa lisanakwere, ku ofesi tipita pambuyo.

Bambo anavala chipewa chawo. Anapita kukaima pakati pa kamera ndi mayi, atafulatira. Mnyamata uja akasunthira uku, iwo ankasunthira komweko, osayankhula, osatukwana. Chimene anajambula tsiku limenelo ndi msana wa bambo anga, malaya atanyowa thukuta.

Tili choncho, chitseko cha ofesi chinatseguka. Mlangizi anatuluka, anavala chisoti chake n'kuliza njinga. Anadutsa pafupi nafe moti a Kamwendo akanangotukula dzanja akanaima. Anayang'ana katundu ali panja, anagwedeza mutu kusonyeza kuti wakhutira, n'kupita. A Gama ataona kamera anabwera akuthamanga ndi chibonga, akukuwa kuti anthu amenewa atimaliza. Alendo anga analowa m'galimoto mwaliwiro. Pochoka anti Thoko anaponya buledi pa windo, ndipo anagwera m'ngalande.

Madzulo ake thirakitala ya esiteti inatitula pa msewu. Ndalama zofikira ku Phalombe panalibe, komanso bambo anati sangakaonekere kumudzi atanyamula mphasa yokha patapita zaka zonsezi. Munthu wina anatiuza kuti ku Njewa kuli maganyu oumba njerwa, ndipo tinathera kumeneko, m'kanyumba kopanda chitseko kuseri kwa uvuni. Aphunzitsi anga anatumiza uthenga kuti ndibwere ndidzakhale kwawo mpaka ndilembe. Ndinali wokonzeka kupita. Koma chifuwa cha bambo, chimene fumbi la fodya linali litachidya kale, chinakana utsi wa mauvuni, ndipo anagonekedwa m'chipatala. Pakhomo panatsala ine. Sabata imene anzanga ankalemba mayeso, ine ndinali m'nkhuti, dzenje lokumbamo dothi la njerwa, matope ali m'mawondo, ndikuponya chikombole. Tinati chaka chamawa. Chaka chamawacho mayi anali ndi mwana wina, bambo sankathanso kunyamula ndowa, ndipo ine ndinali nditatalika moti sindikanakwana pa benchi.

Bambo alipo mpaka pano, amalondera pa chigayo. Sanandidzudzulepo ngakhale tsiku limodzi, ndipo ndikanakonda akanandimenya. Akafika pamalo pamene pali wailesi ya kanema, amangotembenuka n'kubwerera.

Kampani ija inakula. Inasamuka ku Kawale, ili ndi magalimoto angapo, ndipo sewero lawo la mlungu ndi mlungu anthu amalithamangira pa golosale pano. Filimu yaitali ija anaimaliza. Amaphunzitsanso achinyamata kujambula, ndipo ndimamva kuti amawalipira bwino. Nthawi ina anaonetsa pulogalamu yofotokoza mbiri yawo, a Kamwendo atanenepa, imvi zitayamba, akunena kuti kanema wa ana a m'fodya ndi amene anawatsegulira zitseko, ndipo amanyadira kuti anayankhulira opanda mawu. Anaonetsanso pang'ono manja anga. Mnzanga amene ndimaumba naye anandigunda ndi chigongono n'kunena kuti mwana ameneyu anavutika, eti? Ndinati eya.

Ena amati kanemayo anathandiza, kuti maesiteti ena anayamba kutumiza ana kusukulu poopa ogula. Mwina n'zoona. Sindikutsutsa kuti ana ankavutika, ndinkawaona ndi maso angawa. Sindikunenanso kuti a Kamwendo anali chilombo. Anali munthu wa lendi yake ndi maloto ake, ndipo tsiku limene anayenera kusankha pakati pa kampani yake ndi banja la tenanti, anasankha monga amasankhira anthu ambiri. Chimene chimandiwawa n'chakuti anadziuza kuti wasankha ana.

Chimene ndinaphunzira ndi ichi, ndipo ndinachiphunzira mokwera mtengo. Munthu wobwera kudzakuyankhulira amafuna bala lako, safuna iwe. Balalo likakhala laling'ono alikulitsa kuti lioneke bwino, ndipo akanyamuka limatsala pa thupi lako, osati pa lake. Ndiye mlendo akabwera ndi kamera pa mauvuni pano, poti amabwera, ndimamufunsa funso limodzi: zikavuta, mudzabwera kudzaima pambali panga? Amaseka. Ine ndimapitiriza kuumba.

Anzanga amandiuza kuti ndipite ndikawalipiritse, poti tsopano ndi olemera. Ndikawalipiritse zingati? Fodya wa chaka chija bwana anadya, ameneyo ndi mlandu wina. Ngongole imene a Kamwendo ali nayo kwa ine ndi yaing'ono, ndipo ndi yomweyo mpaka lero. Ndi kaulendo kochokera pamene panaima galimoto lawo kukafika pa chitseko cha ofesi ya a Gama. Mwana wokwawa akanafika. Iwo sanakayende.